Mphira ya pachitseko cha firiji

Mphira ya pachitseko cha firiji ndi lamba wofewa amene amazungulira m'mphepete mwa chitseko cha firiji kapena mwa chivundikiro cha firiza, mbali ya m'kati. Anthu ambiri amangoitchula kuti labala, ndipo amisiri okonza mafiriji amati gasiketi. Ntchito yake ndi kutseka mpata wa pakati pa chitseko ndi thupi la firiji kuti mpweya wozizira usatuluke, komanso kuti mpweya wotentha wa m'nyumba usalowe.

Mphirayi ikang'ambika, ikauma kapena ikapindika, firiji imasiya kuziziritsa bwino, imadya magetsi ambiri ndipo zakudya zimawonongeka msanga. Zizindikiro zimenezi zimafanana ndi za firiji imene yatha gasi, moti eni ake ena amathamangira kukaitana mmisiri kuti athire gasi pamene vuto lili pachitseko. Mavuto ambiri a mphira amatheka kuwazindikira ndi kapepala chabe, ndipo ena mwa iwo amakonzeka pakhomo ndi madzi ofunda, sopo ndi sikuludiraiva.

Kapangidwe kake

Ngakhale imatchedwa mphira, m'mafiriji ambiri a masiku ano imapangidwa ndi pulasitiki yofewa ya mtundu wa PVC. Ikadulidwa pakati imaoneka kuti ili ndi zigawo zitatu. Chigawo choyamba ndi tsinde limene limagwira kuchitseko. Chachiwiri ndi mapindo okhala ndi mpweya m'kati, amene amafutukuka ndi kufinyika kuti mphira ifike paliponse ngakhale chitseko chitapendekeka pang'ono. Chachitatu ndi kathumba ka kutsogolo komwe muli kalamba ka maginito. Maginito amenewa si chitsulo cholimba ayi, ndi ufa wa maginito wosakanizidwa ndi pulasitiki, n'chifukwa chake amapindika. Chitseko chikayandikira thupi la firiji, lomwe ndi lachitsulo, maginito amakoka mphira n'kuimata kuchitsulocho.

Mphira imagwira kuchitseko m'njira zitatu. Ina ili ndi kamlomo kamene kamangokanikizidwa mu kangalande kozungulira chitseko, ndipo imazuka poikoka ndi manja. Ina imapanidwa ndi pulasitiki ya m'kati mwa chitseko kapena ndi timizere tachitsulo tomangidwa ndi masikuluu obisika pansi pa mapindo. Ina inamatidwa kufakitale pamodzi ndi thovu lolimba limene lili m'kati mwa chitseko, ndipo siichoka popanda kudula. Wokonza amayenera kudziwa kaye mtundu umene ali nawo, ndipo amadziwa potukula mapindo pakona imodzi n'kusuzumira pansi pake.

Mafiriza ambiri a bokosi, otsegukira m'mwamba, ali ndi mphira imene imadalira kwambiri kulemera kwa chivundikiro kuti itseke.

Mbiri

Mafiriji akale ankatsekedwa ndi loko wa chogwirira amene ankatsegukira kunja kokha. Lokoyo ndi amene ankapanikiza chitseko pa mphira wamba yopanda maginito. Ku United States ana ambiri anafa atadzitsekera m'mafiriji otayidwa pamene ankasewera chibisalirano, chifukwa m'katimo simunkalowa mpweya ndipo chitseko sichinkatheka kuchikankha. Mu 1956 dzikolo linakhazikitsa lamulo lotchedwa Refrigerator Safety Act, lomwe linalamula kuti mafiriji atsopano a m'nyumba azitha kutseguka munthu akawakankha ali m'kati. Lamuloli linayamba kukhudza mafiriji opangidwa chakumapeto kwa 1958. Opanga mafiriji anasiya maloko aja n'kuyamba kugwiritsa ntchito maginito, ndipo njira imeneyi inafalikira padziko lonse.

Kusinthaku kunapatsa mphira ntchito ziwiri. Kale inkangotseka mpata, koma tsopano ndi imenenso imagwira chitseko kuti chisatseguke. Mphira ikafooka, ntchito zonse ziwiri zimalephereka nthawi imodzi.

Kufunika kwake ku Zingwangwa ndi m'madera ena a Blantyre

Zingwangwa ndi dera lina la mumzinda wa Blantyre lomwe lili m'munsi mwa phiri la Soche, kufupi ndi Chilobwe, Chimwankhunda ndi Chitawira. Kumeneku, monganso ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni ndi Machinjiri, firiji si yosungira ndiwo za pabanja zokha. Mabanja ambiri amapezerapo ndalama pogulitsa mafirizesi, thobwa lozizira, madzi ndi zakumwa zina, ndipo m'maokala ndi m'mabutchala amasungamo nkhuku, nyama, masoseji ndi nsomba. Si nyumba iliyonse ili ndi firiji, choncho firiji imodzi nthawi zina imasungiranso ndiwo za anthu oyandikana nawo. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti m'Malawi monse mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 alionse ndi amene ankaunikira magetsi, ndipo ambiri mwa iwo anali a m'mizinda.

Mafiriji ambiri a m'maderawa ndi ogwiritsidwapo kale ntchito. Ena anagulidwa kwa anthu, ena anabwera kuchokera ku South Africa pamathiraki ndi pangolo za mabasi zodzera ku Mwanza. Mayina odziwika ndi monga Defy, KIC, Hisense, LG ndi Samsung. Firiji imene yayenda ulendo wautali itamangidwa ndi zingwe, kapena imene yanyamulidwa kangapo posamuka nyumba za lendi, kawirikawiri imafika ndi mphira yofinyika mbali imodzi kapena chitseko chotsika.

Pali zifukwa zitatu zimene zimachititsa kuti mphira yowonongeka ikhale yodula m'madera ngati amenewa.

Choyamba ndi mayunitsi. Nyumba zambiri zili ndi mamita olipiriratu a ESCOM, ndipo firiji ndi chipangizo chimene chimakhala choyaka usana ndi usiku. Mpweya wotentha ukamalowa, kompresa imalira nthawi yaitali osapuma, ndipo mayunitsi amatha tsiku lawo lisanakwane.

Chachiwiri ndi kuzimazima kwa magetsi. Magetsi ambiri a m'Malawi amapangidwa ndi EGENCO pamtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo amachepa madzi akatsika kapena makina akawonongeka. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anawononga damu la Kapichira, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo magetsi ankazima maola ambiri patsiku mpaka malowo atayambanso kugwira ntchito mu 2023. Magetsi akazima, firiji imangokhala bokosi losunga kuzizira kumene kunalimo kale. Malangizo a kasungidwe ka zakudya amene boma la United States limapereka amati firiji yosatsegulidwa imasunga zakudya bwino kwa maola pafupifupi 4, firiza yodzaza kwa maola pafupifupi 48, ndipo firiza yodzaza theka kwa maola pafupifupi 24. Maola amenewa ndi a firiji yotseka bwino. Mphira ikakhala ndi mpata amachepa, moti nyama imene ikanapirira mpaka magetsi atayaka imasungunuka.

Chachitatu ndi nyengo. Ku Blantyre kumatentha kwambiri mu Okutobala ndi Novembala, ndipo kuyambira Novembala mpaka Epulo mpweya umakhala ndi chinyezi cha mvula. Mpweya wachinyezi ukalowa m'firiza umasanduka ayisi amene amaunjikana m'makoma. Ayisi wochuluka amatchinga kuzizira, amachepetsa malo, ndipo akafika pakhomo amakankha chitseko n'kukulitsa mpata umene unamuyambitsa.

Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti zakudya zosachedwa kuwonongeka zizisungidwa pa kuzizira kosafika madigiri 5. Firiza imayenera kukhala pa madigiri 18 pansi pa ziro. Pamwamba pa madigiri 5 tizilombo toyambitsa matenda otsegula m'mimba timaswana msanga, ndipo chakudya chikhoza kukhala choopsa chisanayambe kununkha.

Zimene zimawononga mphira

Ukalamba ndiye chifukwa chachikulu. Pakapita zaka, mankhwala amene amafewetsa pulasitiki amatha pang'onopang'ono, ndipo mphira imauma, imagwa mphako ndi kusweka, makamaka m'makona ndi mbali ya pansi.

Litsiro ndi chifukwa chachiwiri. Thobwa, mkaka, msuzi ndi madzi a shuga a mafirizesi zikadonthera pamphira zimauma n'kusanduka ngati ulimbo. Mphira imakakamira kuthupi la firiji, ndipo potsegula imakokeka mpaka kung'ambika kapena kuzuka m'ngalande yake. Nyenyeswa za m'mapindo zimaitana mphemvu ndi nyerere, ndipo makoswe amatha kuluma mphira ya m'munsi. Chinyezi chimabweretsa nkhungu yakuda.

Zina ndi izi: kutsegula chitseko pogwira mphira m'malo mogwira chogwirira, kudzaza mabotolo olemera pachitseko mpaka mahinjesi kutsika, kukankha chitseko mokakamiza pamene poto kapena thireyi yatulukira kunja, kuika firiji pafupi ndi mbaula kapena pamene pamawomba dzuwa, ndiponso dzimbiri pachitsulo chimene mphira imagundapo.

Zizindikiro

Firiji ya mphira yowonongeka imaonetsa zizindikiro zingapo. Kompresa imalira nthawi yaitali osazima. Ayisi amaunjikana msanga, makamaka pafupi ndi khomo kapena mbali imodzi yokha. M'mphepete mwa chitseko mumachita thukuta, ndipo pansi pamadontha madzi. Chitseko chimatseguka chokha kapena chimatseguka mopepuka, popanda kukoka kulikonse. Mkaka ndi ndiwo zophika sizikhalitsa ngati kale.

Pali zinthu ziwiri zimene anthu amaziyesa vuto pamene si vuto. M'mafiriji ambiri chitsulo chozungulira khomo chimamveka chofunda, chifukwa opanga anadutsitsamo kapaipi kotentha kuti pasamachite thukuta. Komanso firiza imene yangotsekedwa kumene imavuta kutsegula kwa kanthawi. Zimatero chifukwa mpweya wotentha umene walowa ukazizira umafinyika n'kukoka chitseko, ndipo chimenechi ndi chizindikiro chakuti mphira ikutseka bwino.

Kuyesa mphira

Njira yodziwika ndi ya kapepala. Kapepala ka m'kope kapena ndalama yapepala amakapanitsa ndi chitseko, theka lili m'kati theka lili kunja, kenaka n'kukakoka pang'onopang'ono. Kakamalimba pokoka ndiye kuti pamalopo mphira ikugwira. Kakangosololoka kapena kugwa kokha ndiye kuti pali mpata. Amayesa motero kuzungulira chitseko chonse, motalikana ngati chikhatho chimodzi, osaiwala makona, pansi ndi mbali ya mahinjesi. Malo olephera amawalemba chizindikiro ndi pensulo.

Njira ina ndi ya tochi. Usiku amaika tochi kapena foni yoyatsa nyali m'firiji, n'kutseka chitseko ndi kuzimitsa magetsi a m'chipinda. Paliponse pamene kuwala kukutulukira pali mpata.

Pomaliza amayang'ana mphira yonse ndi maso, akufutukula mapindo ndi chala, kuti aone ngati yang'ambika, yazuka kapena yauma.

Kukonza pakhomo

Ntchito isanayambe, firiji imazimitsidwa ndipo pulagi imazulidwa kukhoma. Zakudya zosachedwa kuwonongeka zimaikidwa m'kulaboksi kapena m'beseni lofunditsidwa ndi bulangete. Ngati pakhomo pali ayisi, amayenera kusungunuka kaye yekha.

Kutsuka ndiko kumayambirira, ndipo nthawi zambiri kumathetsa vuto pakokha. Amagwiritsa ntchito madzi ofunda, sopo wotsukira mbale, kansalu kofewa ndi mswachi wakale wotsukira m'mapindo. Pamene pali nkhungu amapaka viniga wosungunula ndi madzi kapena soda. Chitsulo chimene mphira imagundapo chimatsukidwanso. Zonse zikauma amabwereza kuyesa ndi kapepala.

Mphira yozuka imabwezeredwa pokanikiza kamlomo kake m'ngalande ndi chala chachikulu, kuyambira pakona. Ngati ndi ya masikuluu, amawamasula pang'ono, n'kulowetsa tsinde la mphira pansi pa chopanira, n'kumanganso.

Mphira yofinyika kapena yopindika imawongoka ndi kutentha, chifukwa PVC ikafunda imafewa n'kubwerera mmene inaliri. Amanyika kansalu m'madzi otentha amene dzanja lingapirire, n'kukagwiritsa pamalopo kwa mphindi zingapo, kenaka n'kukoka mapindo mofatsa kuti afutukuke. Ena amabwereka choumitsira tsitsi cha kusaluni. Chimenechi chimaikidwa pa kutentha kochepa, motalikira ngati chikhatho, ndipo chimayendetsedwa uku ndi uku osaima malo amodzi. Mphira ikafewa amatseka chitseko kuti maginito aikokere kuchitsulo, n'kuisiya izizire ili pomwepo kwa maola angapo. Mphira ya m'ngalande imatheka kuizula yonse n'kuinyika m'bafa la madzi ofunda kwa mphindi 10 kapena 15, kenaka n'kuibwezera.

Pamene mpata wakana kutsekeka, amalowetsa kachidutswa ka siponji kapena thonje kuseri kwa mapindo kuti mphira itukuke pamalopo. Kachidutswako kakakula kwambiri kamatsegula mpata wina pambali pake, choncho amayamba ndi kakang'ono.

Pong'ambika pang'ono, posapitirira masentimita awiri kapena atatu, pamamatidwa ndi silikoni wa m'sitolo za hadiweya. Malowo amayenera kukhala oyera ndi ouma. Amapaka silikoni wochepa, n'kumusalaza ndi chala chonyowa, n'kuphimba ndi kapulasitiki kopyapyala kuti asamatirire kuthupi la firiji. Kenaka amatseka chitseko n'kudikira tsiku lathunthu. Kumata kotere kumatalikitsa moyo wa mphira koma sikuibwezera kukhala yatsopano.

Mbali ya mahinjesi mphira imakhuzika potseka ndipo imakonda kupindikira m'kati. Kupakapo Vaseline wochepa kwambiri kumathandiza kuti iziterera. Akachuluka amakola fumbi.

Nthawi zina mphira imakhala yabwinobwino koma chitseko ndicho chatsika kapena firiji yapendekeka. Pansi pa nyumba zambiri si pofanana, ndipo firiji yoweramira kutsogolo imatsegula chitseko chake. Miyendo yakutsogolo imapotokoledwa kuti kutsogolo kukwere pang'ono kuposa kumbuyo. Ngati miyendoyo inathyoka, amaikapo kathabwa kolimba. Masikuluu a mahinjesi akamasuka, munthu mmodzi amanyamula chitseko kuti chilunjike pamene wina akumanga.

Kuika mphira yatsopano

Mphira imene yauma ngati chikopa, yasweka malo ambiri, yang'ambika pakona kapena yataya maginito siikonzeka, imafunika ina. Wogula amatenga dzina la firiji ndi nambala ya mtundu wake, zomwe zimalembedwa pakachikwangwani ka m'kati kapena kumbuyo. Amayezanso utali ndi mulifupi wa mphira yakale, ndipo ngati n'kotheka amadula kachidutswa kuti akafananitse tsinde lake, chifukwa mphira ziwiri zofanana kukula zikhoza kusiyana kamlomo.

Mu Blantyre ndi mu Limbe mphira zimapezeka m'sitolo zogulitsa zipangizo za mafiriji ndiponso kwa amisiri, amene ena amasunga zochotsa kumafiriji akufa. Mphira yochotsa kwina imayenera kupindidwa ndi dzanja kaye kuti aone ngati ikadali yofewa. Pa mafiriji akale amene mphira yake yeniyeni siipezekanso, amisiri amagula mphira yaitali, n'kuidula mopendekeka m'makona, n'kulowetsamo maginito, n'kulumikiza makonawo ndi chitsulo chotentha.

Mphira yatsopano imabwera yopindapinda, choncho imanyikidwa kaye m'madzi ofunda n'kuyalidwa pamalo osalala. Ya m'ngalande imaikidwa poyamba m'makona onse anayi, kenaka pakati pa mbali iliyonse, osaikoka kuti italike. Ya masikuluu imafuna kusamala kwambiri. Masikuluu amangomasulidwa osachotsedwa, ndipo amagwira mbali imodzi nthawi imodzi, chifukwa pulasitiki ya m'kati ndi imene imalimbitsa chitseko, ndipo onse akamasulidwa pamodzi chitseko chimapotoka. Amawamanga mopepuka, n'kutseka chitseko kuti aone ngati chalunjika, kenaka n'kuwalimbitsa. Mphira yatsopano ikhoza kutenga tsiku limodzi kapena awiri kuti ikhazikike, ndipo panthawiyi ena amagwiritsa chitseko ndi tepi.

Njira zongoyembekezera ndi zoyenera kupewa

M'makomo ndi m'maokala ambiri chitseko chosagwira chimamangidwa ndi lekeni ya chubu cha njinga, chimatsamiritsidwa mpando, kapena chivundikiro cha firiza chimasanjikidwa njerwa. Njirazi zimapulumutsa katundu kwa masiku ochepa, koma zikakhalitsa zimafinya mphira mpaka kuphwatalala ndipo zimapotoza chitseko.

Guluu wouma msanga wa m'timachubu amaumitsa mphira n'kuiswa pambali pa pomwe amatapo. Madzi owira, kandulo, machesi ndi makala zimasungunula pulasitiki. Parafini, petulo ndi thina zimaiwononga, ndipo jiki wosasungunula amaiumitsa. Waya wokwechera mapoto amaikanda.

Choopsa kwambiri ndi kugoba ayisi ndi mpeni kapena sikuludiraiva. Mapaipi a gasi ali pansi pa ayisi yemweyo, ndipo akabooka gasi yense amatuluka. Mafiriji ambiri atsopano amagwiritsa ntchito gasi wa R600a amene amayaka moto, pamene akale ali ndi R134a kapena R12. Gasi wa R12 anathetsedwa potsatira pangano la ku Montreal la mu 1987, lomwe Malawi ali nawo, chifukwa amawononga mpweya wa ozoni. Mtundu wa gasi umalembedwa pakompresa kapena pakachikwangwani ka firiji. Paipi ikabooka, mawindo amatsegulidwa ndipo moto uliwonse, ngakhale wa mbaula, umatalikitsidwa.

Pamene pakufunika mmisiri

Firiji siimadya gasi ngati mmene galimoto imadyera mafuta. Gasi amazungulira m'mapaipi otsekeka, ndipo amachepa pokhapokha pakhale pobooka. Kuthira gasi m'firiji imene vuto lake ndi mphira n'kutaya ndalama, ndipo kuthira gasi popanda kutseka pobooka kumangothandiza kwa kanthawi. N'chifukwa chake mphira imayesedwa poyamba, popeza kuyesako sikulira ndalama.

Mmisiri amafunika ngati mphira yapambana mayeso a kapepala ndi tochi koma firiji siikuzizirabe, ngati kompresa ikungodumphadumpha osalira kapena ikutentha mopitirira, ngati firiji ikugwira shoko, ngati chitseko chapotoka kapena chadyeka ndi dzimbiri, ndiponso ngati mphira ndi yomatidwa kufakitale. M'Malawi ntchito yokonza mafiriji ndi imodzi mwa ntchito zamanja zimene zimaphunzitsidwa pansi pa bungwe la TEVETA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, ndipo amisiri ena anaiphunzirira pantchito kwa anzawo.

Kasamalidwe

Mphira imakhalitsa ikamapukutidwa ndi madzi a sopo kamodzi pamwezi, ndiponso nthawi iliyonse pamene chakumwa chatayikirapo. Kuyesa ndi kapepala kumachitika bwino nyengo yotentha isanayambe, komanso firiji ikangosamutsidwa. Ayisi akafika pokhuthala ngati chala amayenera kusungunulidwa. Ponyamula firiji, zingwe sizimangidwa mothina kwambiri pachitseko. Firiji imene ikhale nthawi yaitali yosayaka imatsukidwa, kuumitsidwa ndi kusiyidwa yotsegula pang'ono kuti isachite nkhungu. Firiji kapena firiza yakufa imene yaikidwa panja kapena yasanduka kabati imachotsedwa chitseko kapena loko wake, kuti ana osewera asadzitsekeremo.